Fumbi la ku Kambombo lisatseke maso a galimoto

Mwezi wa Okutobala ukafika m'cigwa ca Luangwa, dziko la Mfumu Yaikulu Kambombo silikhala cete. Mpunga ndi thonje zimakhala zacoka m'minda, magalimoto ali kalikiliki kututa matumba otsala ndi kubweretsa mbeu ndi feteleza mvula isanadule njira, alendo nawo ali pa ulendo wa ku Kwenje, mwambo wa Asenga. Nthawi yake ndi yomweyi imene dzuwa limaswa mtengo, kutentha nkumafika pa madigiri 40, ndipo fumbi limalowa paliponse, ngakhale m'galimoto yotseka mazenera.

Lero tifuna tikambirane nanu, alimi anzathu ndi akhristu a m'maparishi, za kanthu kakang'ono kamene fumbi limeneli limaononga mwakacetecete. Tikunena kagalasi ka pa dashibodi, kuseri kwa ciongolero, kamene kamaphimba mageji a liwiro, mafuta ndi kutentha kwa injini. Suzumirani mu Canter yonyamula mpunga, mu Hilux kapena Land Cruiser ya mishoni, kapenanso pa njinga yamoto ya akatekisiti ndi alangizi a zaulimi. Kawirikawiri mudzapeza kagalasi kaja kali mbuu, kodzaza timizere ngati ukonde wa kangaude, moti dzuwa likakaomba m'mawa kapena madzulo, za mkati sizioneka.

Ena adzati iyi ndi nkhani ya anthu a ku Lusaka okonda kunyezimiritsa magalimoto ao pa Sabata. Ife tikuti iai. Kuno kumudzi ndi kumene kagalasi kameneka kali ndi nchito yaikulu.

Injini ilibe pakamwa

Injini ikadwala siingathe kunena. Imadandaula kudzera m'timivi ndi tinyale timene tili kuseri kwa kagalasi kaja.

Kanyale kofiira kooneka ngati ketulo yodontha ndi ka oilo. Kakayaka injini ili kulira, ndiye kuti oilo sakuyenda ndi mphamvu yokwanira, zitsulo za mkati zayamba kudyana zouma. Pamenepo dalaivala ayenera kuima ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo, cifukwa mphindi zocepa cabe zikwanira kuti injini inoke, monga amanenera amakanika. Muvi wa kutentha umayenda pakati pa C ndi H, ndipo ukayamba kukwera ca ku H ndiye kuti madzi acepa m'ladiyeta kapena sakuzungulira bwino. Kanyale ka batire kakayaka pa ulendo, nthawi zambiri lamba wa fani waduka kapena wamasuka, ndipo pa injini zambiri lamba yemweyo ndiye amayendetsa pampu ya madzi. Magalimoto ambiri a dizilo ali ndi kanyale kenanso kocenjeza kuti m'sefa ya mafuta mwalowa madzi, vuto lodziwika bwino kwa aliyense amene amagula dizilo wa m'zigubu.

Macenjezo onsewa amafika nthawi ikadalipo. Koma masana dzuwa likawala pa kagalasi kokandika, timizere tija timamwaza kuwala ndipo kanyale kofiira kamabisika. Dalaivala amadzazindikira ataona nthunzi ikutuluka pa boneti.

Injini ikanokera pafupi ndi Chipata munthu amalira, komabe makanika ndi masipeya ali pafupi. Ikanokera pakati pa Kambombo ndi boma la Chama ndi nkhani ina. Kucoka ku Chama kufika ku Lundazi ndi makilomita oposa 100, kucoka ku Lundazi kufika ku Chipata ndi ena pafupifupi 180, ndipo sipeya ikasowa kumeneko uyenera kuitanitsa ku Lusaka, mtunda winanso woposa makilomita 500. Boma la Chama linasamutsidwira ku cigawo ca Muchinga mu 2011, nkubwezedwa ku cigawo ca Kummawa mu 2021, koma kaya uyang'ane ku Chinsali kudzera ku Matumbo, kaya uyang'ane ku Chipata, shopu ya masipeya sinasendere.

Galimoto ya parishi ikagona miyezi iwiri, akhristu a ku nthambi zakutali amakhala opanda Misa, ndipo mai woyembekezera amene zamuvuta usiku amasowa womutengera ku cipatala ca ku boma. Lole ya kopaletivu ikagona, mpunga wa ku Chama, umene umadziwika dziko lonse cifukwa ca fungo lake ndipo a COMACO amaugulitsa pa dzina la It's Wild!, umatsalira m'nkhokwe mpaka mitsinje itadzaza.

Si galasi, ndi pulasitiki

Coyamba kudziwa ncakuti kagalasi kameneka si galasi lenileni. Ndi pulasitiki yoonekera mkati. Tambiri timapangidwa ndi mtundu wochedwa acrylic, umene kampani ya Otto Röhm ku Germany inaulembetsa pa dzina la Plexiglas mu 1933. Mtundu wina ndi polycarbonate, umene unatulukiridwa mu 1953, ndipo ndi umene amapangira nyale zakutsogolo za magalimoto a masiku ano komanso magalasi a zipewa za pa njinga yamoto. Opanga magalimoto anasankha pulasitiki cifukwa ndi yopepuka, ndipo pa ngozi siphwanyika m'tizidutswa tobaya ngati botolo. Vuto lake ndi limodzi, ndi yofewa.

Mu 1812 katswiri wina wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anakonza muyeso wa kulimba kwa zinthu, kuyambira pa 1 kulekezera pa 10. Lamulo lake nlapafupi: colimba cimakanda cofewa. Pa muyeso umenewu cikhadabo ca munthu cili pa 2.5, pulasitiki yoonekera ili capafupi ndi 3, galasi la pa zenera lili pa 5.5, pamene mcenga wa mumtsinje, umene mbali yake yaikulu ndi mwala wa quartz, uli pa 7. Fumbi la pamseu ndi dothi losakanikirana ndi mcenga womwewo wopereka ndi mateyala.

Fumbi likangokhala pa kagalasi silikanda. Limakanda pamene dzanja lalikankha. Kondakitala akavula cisoti nkupukuta, dalaivala akadutsitsa cikhato kapena mkono wa malaya, mwana wotumidwa kutsuka galimoto akatenga cisanza comwe wapukutira mateyala, onsewo asandutsa fumbi kukhala sandipepa. Timizere tambiri timene timaona tinabwera ndi anthu acifundo amene anali kufuna kuyeretsa. Ndiye lamulo loyamba, limene silifuna ngwee iliyonse, ndi ili: madzi ayambe, nsalu itsatire.

Safunsa anadya phula

Pali zinthu zina zoopsa kupambana fumbi, cifukwa sizingokanda koma zimadya pulasitiki. Petulo, thina wa penti, mankhwala ocotsera utoto wa m'zikhadabo ndi mafuta a mabuleki zimacititsa kagalasi kukhala mbuu kapena kung'aluka timing'alu ting'onoting'ono mkati mwake. Sipiriti, kacasu ndi mankhwala opaka m'manja aja amene anafala kuyambira mu 2020 pa mliri wa COVID-19 nazonso zimang'alula acrylic, makamaka pamene yapanikizika ndi zomangira. Mankhwala otsukira mazenera a m'nyumba, amene ali ndi fungo lolasa m'mphuno la ammonia, saloledwa pa pulasitiki.

Ife a m'cigwa tili ndi zina ziwiri zofunika kusamala nazo. Coyamba ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu. Ambiri mwa iwo ali ndi DEET, imene imasungunula pulasitiki, moti cala cimene cadzola cikakhudza kagalasi cimasiya cidindo cosacoka. Caciwiri ndi mankhwala opopera thonje. Ambiri amadzimadzi amasungunulidwa m'mafuta amphamvu a mtundu wa petulo. Botolo lake lisakwere kutsogolo ndi anthu, ndipo wopopera asambe m'manja ndi sopo asanagwire ciongolero. Potero wateteza thupi lake ndi galimoto yomwe.

Ena amapaka Vaseline kapena saladi, kagalasi nkuoneka ngati katsopano. Mafuta amangodzaza timizere kwa masiku awiri, pambuyo pake amakoka fumbi loculuka, ndipo wopukuta amaonjezera mabala. Ena anamva kuti lawi la moto limasalaza pulasitiki. M'mafakitale zimacitikadi pa acrylic, ndi zida zake, koma m'galimoto lawi limapinda kagalasi, kukatulutsa matuza, ndipo lingayatse dashibodi yonse. Phulusa, mcenga ndi sopo waufa zisiyeni ku mapoto ndi ku zocapa.

Katsukidwe koyenera

Imikani galimoto pamthunzi ndipo dikirani dashibodi izizire. Yambani ndi kuuzira fumbi, kapena kuliphumitsa ndi nthenga ya nkhuku kaya kaburashi kofewa. Tengani madzi oyera a pa mjigo. Ngati ndi a mumtsinje, asiyeni m'cidebe adikhe, mutunge apamwamba okha. Dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale likwanira m'kapu yonse.

Nsalu yabwino koposa ndi ya microfibre imene imagulitsidwa m'mashopu a masipeya. Ikasowa, sikipa yakale ya thonje, yofewa ndi yocapa bwino, igwira nchito. Nyuzipepala, tishu, saka ndi cisanza ca amakanika zimakanda. Nyowetsani nsalu, finyani pang'ono, ndipo yambani ndi kungoigunditsa pa kagalasi kuti fumbi limatirire, osakokera uku ndi uku. Tembenuzani mbali yoyera, pukutani mopepuka, kenaka umitsani ndi nsalu ina. Musathire madzi pa dashibodi, pakuti kuseri kwake kuli mawaya ndi zamagetsi zimene sizigwirizana ndi cinyezi.

Nthawi zina kutsuka kokhaku kumabwezera kagalasi maso ake, cifukwa zina zimene zimaoneka ngati mizere ndi litsiro louma cabe.

Kucotsa timizere tosazama

Kakauma, yesani ndi cikhadabo. Dutsitsani cikhadabo mopingasa mzere. Ngati sicikodwa, mzerewo ndi wapamwamba ndipo ungathe kucoka pakhomo pomwepo. Ngati cikodwa, ndi wozama, ndipo tifikako.

Timvetse bwino cimene kupolisha kumacita. Sikudzaza mzere ai. Kumapala pulasitiki ya m'mbali mwake kufikira zonse zitalingana, monga mmisiri amapalira thabwa. Ndiye cifukwa cake nchitoyi imafuna copalira cosalala kwambiri ndi dzanja lopepuka.

Copalira cimene cimapezeka ngakhale m'kagolosale ka pamudzi ndi mankhwala otsukira mano. Sankhani oyera, wamba, osati oonekera ngati uci kapena okhala ndi timibulu. Ali ndi ufa wosalala wopalira mano, ndipo ufa womwewo umasalaza pulasitiki. Yambani kuyesa pakona pamene maso safikapo, cifukwa magalasi ena anakutidwa ndi kakhungu koletsa kunyezimira, kamene kamasupuka mukapolisha. Pakona pakacita mawanga, lekani, mungotsuka basi.

Pakakhala bwino, finyirani mankhwala ocepa ngati njere ya nshawa pa nsalu yonyowa. Tikitani mozungulira pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, osakanikiza, cifukwa kagalasi ndi kopyapyala ndipo kutentha kwa kutikita kumafewetsa pulasitiki. Pukutani ndi nsalu ina yonyowa, umitsani, yang'anani capambali ndi toci. Bwerezani katatu kapena kanai. Samalani kuti mankhwala asalowe m'mphepete kapena pa kabatani ka makilomita, cifukwa akauma amasiya zoyera zovuta kucotsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Amene ali ndi wacibale wopita ku tauni angamutume polishi yopangira pulasitiki, monga PlastX ya Meguiar's kapena Novus. Ya Novus ili ndi manambala: 1 ndi yotsukira, 2 ya timizere tosazama, 3 ya mizere yozama, ndipo ya nambala 3 eni ake amaletsa kuigwiritsa nchito pa polycarbonate. Polishi ya zitsulo kapena ya penti ya galimoto ndi yokhakhala, ndipo ina ili ndi mankhwala odya pulasitiki. Botolo limodzi la polishi yoyenera lingathandize magalimoto ndi njinga zamoto za parishi yonse.

Mizere yozama

Mzere wokola cikhadabo umafuna sandipepa wa m'madzi, wa manambala 1500, 2000 ndi 3000. Nambala ikakula, sandipepa amasalala. Wa akalipentala, wa 80 kapena 120, angaononge kagalasi kotheratu.

Nchito imeneyi siyenera kucitikira m'galimoto. Kagalasi kayenera kucotsedwa, ndipo apa mpofunika makanika wodekha, cifukwa timano ta pulasitiki togwira kagalasi timauma ndi kutentha kwa zaka zambiri ndipo timathyoka msanga. Magalimoto ambiri amene tili nao anayenda kale ku Japan asanalowe kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ndiye pulasitiki yake si ya dzulo. Kagalasi kakacoka, musakhudze timivi kapena nkhope ya mageji. Muvi ukasunthidwa umayamba kunama, ndipo geji yonama ndi yoopsa kupambana yosaoneka.

Viikani sandipepa m'madzi, palani mopepuka mbali imodzi ndi 1500, tsukani, palani mopingasa ndi 2000, malizani ndi 3000, madzi osaleka. Kagalasi kadzaoneka koyera ngati mkaka. Musade nkhawa, polishi ndiyo imabwezera kuwala. Koma ngati mzere uli pambali pamene suphimba geji iliyonse, usiyeni. Colinga si kukongoletsa, ndi kuona.

Pali mabala ena amene polishi siingacize: kagalasi kosweka, ndi kamene kanadyedwa ndi mankhwala mpaka timing'alu tili mkati. Kameneko nkofuna kusintha. Funsani kwa ogulitsa masipeya a magalimoto akufa a mtundu womwewo, ndipo gulani kagalasi kokha ngati nkotheka. Mukasintha bokosi lonse la mageji, makilomita olembedwa sadzagwirizana ndi ulendo weniweni wa galimoto yanu, ndipo mudzasokonezeka pa nthawi yosintha oilo.

Nyale ndi zipewa

Nyale zakutsogolo zimene zacita cikasu ndi mbale wake wa vuto lomweli. Polycarbonate imakutidwa ku fakitale ndi kakhungu koiteteza ku dzuwa. Kakhunguko kakatha, nyale imacita mbuu ndipo kuwala kumacepa kwambiri. M'dera limene usiku ungakumane ndi njovu pamseu, kapena wapanjinga wopanda nyale atanyamula thumba la mpunga, imeneyi si nkhani yocepa. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la mu 2002, limayang'ananso nyale galimoto isanalandire fitinesi.

Nyale imatsukika ndi njira yomweyi ya sandipepa wa m'madzi ndi polishi, mutamata tepi pa penti yozungulira. Koma dziwani kuti kupala kumacotsa kakhungu kotsalako, ndiye pamafunika kupaka mankhwala oteteza ku dzuwa opangira nyale. Popanda amenewo cikasu cimabwerera pakapita miyezi yocepa.

Galasi la cipewa ca pa njinga yamoto ndi losiyana. Nalo lili ndi kakhungu kolimba, ndipo mukalipala limapotoza zimene maso aona. Likadzaza fumbi kapena tizilombo, liphimbeni ndi nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo, litsiro lifewe, kenaka tsukuluzani. Likakandika kwambiri moti usiku nyale za galimoto yobwera zikumwazika m'maso, gulani lina. Kulikweza m'mwamba ndi kuyenda maso ali pamtunda si mankhwala. Sikirini ya wailesi ya m'galimoto nayo musaipolishe, ingoipukutani ndi nsalu yacinyezi.

Katundu wa tonse

Galimoto ya parishi inagulidwa ndi copereka ca anthu ndi thandizo la abwenzi, lole ya kopaletivu ndi thukuta la alimi. Makomiti amakangana za mateyala, dizilo ndi malipiro a dalaivala, ndipo nzoona zimenezo ndi zofunika. Ife tipempha kuti aonjezerepo zinthu zitatu zosalira ndalama.

Coyamba, m'galimoto iliyonse mukhale nsalu imodzi yoyera, yosungidwa m'kapepala ka pulasitiki, ya kagalasi kokha, pamodzi ndi kabotolo ka madzi. Caciwiri, galimoto ikaima pa chalichi kapena pa depoti, iime pamthunzi, ndipo mthunzi ukasowa yalani citenje pa dashibodi, cifukwa dzuwa ndilo limaumitsa pulasitiki. Pa njinga yamoto, vundikirani geji ndi kansalu. Cacitatu, m'mawa uliwonse dalaivala apotoze kiyi asanalize injini, ndipo aone ngati kanyale ka oilo ndi ka batire tayaka. Injini ikalira tiyenera kuzima. Kanyale kamene sikayaka konse babu lake lapsa kapena wina analicotsa, ndipo kamene sikazima kali ndi uthenga wofunika kuumva ulendo usanayambe.

Inu acinyamata amene mumatumidwa kutsuka magalimoto pa mishoni ndi pa boma, dziwani kuti nsalu youma pa fumbi ndi mdani wa pulasitiki. Inu abambo ndi amai a m'makomiti, ulendo wina mukakwera kutsogolo, yang'anani ngati mungawerenge mageji muli pa mpando wanu. Ngati inu simuwaona, dalaivala nayenso sawaona bwino, ndipo mvula ili pafupi. Konzani tsopano njira zikadali zouma.